Laputopu ya kalabu yathu sinafe, inangotsamwa fumbi

Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Kasungu. Maina a mamembala, ngongole za fetereza, kulemera kwa belo iliyonse yopita kumsika wa Chinkhoma, zonsezi zimakhala mu laputopu imodzi, ThinkPad T430 yomwe tinagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe. Mtundu umenewu unatuluka mu 2012. Ndi nkhalamba, koma ndi ija anaipangira anthu a m'maofesi: yolemera, yolimba, ndipo imatseguka ndi sikuludiraiva wamba.

Tsiku lina m'mawa, patatsala milungu iwiri kuti tiyambe kutumiza mabelo, nditayatsa inalemba mawu awiri pa sikirini yakuda, "Fan error", n'kuzima. Apampando atamva anati, "Alembi, basi tisonkhe tigule ina." Ndinawapempha kuti andipatse masiku atatu.

Zoona zake n'zakuti inayamba kale kudandaula, ine ndimangonyalanyaza. Inkatentha kumanzere moti sungaiike pamiyendo. Ukayatsa umatha kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako isanatseguke. Nthawi zina inkalemba nambala 0271 ndi kundiuza kuti ndikonze tsiku ndi nthawi. Ndinalemba matenda atatuwa papepala, chifukwa ndinaganiza kuti aliyense ali ndi gwero lakelake, ndipo ndinalondola.

Ndinayamba ndi fani, kachipangizo kozungulira koziziritsa mkati mwa laputopu. Ndinachotsa chaja, ndinatulutsa batire, kenako ndinakanikiza batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira mkati uthe. Musanagwire za mkati, khudzani kaye chitsulo china, monga felemu ya zenera. Magetsi aja amathetheka pa juzi amatha kupha kachipangizo osaona n'komwe. Pansi pa laputopu pali kachitseko ka RAM, kachipangizo kamene kompyuta imasungapo kwa kanthawi zimene ikugwira panthawiyo. Nditachotsa kameneko ndi timasikuluwu togwira kiyibodi, ndinaikankhira cha ku sikirini, n'kutukuka. Apa m'pofunika dzanja lofewa, pakuti kiyibodi imalumikizidwa ndi kalamba kopyapyala ngati tsamba la anyezi. Timasikuluwu ndinatiika m'mbale ya ndiwo kuti tisasowe.

Zimene ndinaona pa fani! Fumbi lofiira la mumsewu wathu litasakanikirana ndi zinyenyeswa za fodya, lagwirana ngati kansalu ka bulangeti, latseka malo onse otulukira mpweya. Nthawi yosankha fodya ndimaiika pa benchi m'shedi momwemo, ndiye mlandu ndi wanga. Ndinachotsa ndi mswachi wakale ndi kachitsotso ka machesi, ndikugwira fani ndi chala kuti isazungulire mothamanga pouzira. Nditabwezeretsa zonse n'kuyatsa, inalira pang'ono, Windows n'kutseguka. Chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kukopera mafayilo onse a kalabu pa fulashi. Ndinakopera pawiri.

Kuchedwa kunali kusanathe. Ndinatsegula Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene zipangizo za mkati zikugwirira ntchito, n'kupeza kuti purosesa, ubongo wa kompyuta, ikungopuma, koma pa Disk palembedwa 100%, ndipo RAM ya 4GB yatsala pang'ono kudzaza. Apa ndinadziwa kuti ubongo wake ulibe vuto. Vuto linali hard disk, chosungira mafayilo chakale chija chokhala ndi mbale zozungulira mkati, chimene chinali chitayambanso kugogoda motsitsa ngati chiswe m'denga.

Mlamu wanga amapita ku Lilongwe kawirikawiri, choncho ndinamulembera papepala: SSD (chosungira mafayilo chachangu cholowa m'malo mwa hard disk) ya SATA ya mainchesi 2.5, ya 256GB, ndi RAM ya laputopu ya DDR3 ya 4GB. Mawu oti DDR3 ndinawalemba mzere kunsi kawiri. DDR4 siilowa, kampata kake kali pena, ndipo RAM ya kompyuta ya patebulo ndi yaitali, nayonso siikwana. T430 ili ndi malo awiri a RAM, ena pansi pa kachitseko kaja, ena pansi pa kiyibodi, ndipo imalandira mpaka 16GB. Ife 8GB yatikwanira.

Kuika SSD kunali kosavuta. Hard disk imatulukira m'mbali, ukangomasula sikuluwu imodzi n'kukoka. Timphira ta m'mbali mwake ndi kachitsulo koikutira ndinasamutsira pa SSD, n'kulowetsa.

RAM ndi imene inandituluza thukuta. Nditaika n'kuyatsa, sikirini inangoti bii, laputopu n'kuyamba kulira: kamodzi, katatu, katatu, kamodzi. Mtima unagunda. Ndinaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, n'kukwera kabaza kupita kwa mmisiri wina wokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Anamvetsera kulirako kamodzi kokha n'kuseka.

"Achimwene, imeneyi ikunena za RAM. Mwaika nokha?"

Ndinavomera. Anatsegula kachitseko, n'kundionetsa timano tagolide ta RAM tikuonekera theka. Sinalowe yonse. Anaitulutsa, anailowetsa mopendeketsa mpaka timano tonse tabisika, kenako anaikanikiza pansi, tizitsulo ta m'mbali n'kumveka kuti tswa. Ine ndinkaopa kuthyola, ndiye ndinangoigwirizitsa. Atayatsa anadina F1, ndipo mu BIOS, tsamba loonetsa zipangizo za mkati mwa laputopu, munaoneka 8192 MB, kutanthauza 8GB yonse.

Poti inali kale pa tebulo lake, ndinamuuza za 0271. Anati ndi kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi laputopu ikazima. Ka ThinkPad kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi tiwaya tiwiri ndi kapulagi, kotero si kongogula pa golosale n'kuponyamo. Anali nako kochokera mu laputopu ina yakufa. Anasinthanso phala lija amapaka pakati pa purosesa ndi chitsulo chochotsa kutentha. Lakale linali litauma ngati dothi la mu Okutobala. Ntchito imeneyo sindikanaiyesa ndekha, timasikuluwu take n'tambiri.

Panatsala funso la pulogalamu yoyendetsa kompyuta yoti tiike pa SSD yatsopanoyo. Windows 11 imafuna purosesa yatsopano ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, zimene nkhalamba yathuyi ilibe, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. M'malo mwa Windows tinaika Linux Mint kuchokera pa fulashi, podina F12 poyatsa kuti tisankhe fulashiyo. Mafayilo athu a Excel amatseguka mu LibreOffice, pulogalamu yogwira ntchito ngati ya Excel, ngakhale ndinakhala madzulo amodzi ndikukonza mizere ina imene inasokonekera pang'ono.

Tsopano imatseguka ndisanamalize kukoka mpando. Hard disk yakale ndaisunga m'kabati, m'pepala la shuga, sindinafufute kanthu. Batire lalikulu ndilo likadali lofooka. Magetsi akazima ndimakhala ndi mphindi zongokwanira kusunga ntchito n'kutseka. Ndauza apampando kuti tidzagule batire lina mabelo oyamba akagulitsidwa. Iwo anayang'ana sikirini nthawi yaitali, n'kufunsa kuti chithunzi chawo atanyamula chikho cha kalabu chija, chimene chinkaoneka poyatsa, ndachipititsa kuti.