Kwawo kwa a Wendell Berry kumanunkhira fodya

Nditangotsitsa galasi la galimoto, fungo la fodya wouma linandilandira ngati ndafika kwathu ku Kasungu. Unali mwezi wa Seputembala, tikuchokera ku Louisville kupita ku Henry County m'chigawo cha Kentucky ku America. Ndinamuchonderera mnzanga kuti aime kaye. Pambali pa msewu panali chigafa chachikulu cha matabwa, chopakidwa utoto wakuda, m'kati muli fodya wa burley lende! Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sathyola tsamba limodzilimodzi n'kusoka ngati ife. Amadula mtengo wonse, kuubaya pandodo n'kuupachika chozondotsa.

Chimene ndinapitira kumeneko ndi munthu mmodzi, a Wendell Berry, mlakatuli komanso mlembi wa nkhani zokhudza nthaka ndi ulimi. Anabadwira m'boma lomweli mu 1934. Sukulu inawayendera, mpaka anakaphunzitsa pa yunivesite mumzinda wa New York. Koma mu 1964 analongedza katundu kubwerera ku Kentucky, ndipo chaka chotsatira anasamukira pamunda umene anagula pafupi ndi kamudzi ka Port Royal, m'mbali mwa mtsinje wa Kentucky. Kwa zaka zambiri ankalima ndi mahatchi, kulemba ndi pensulo, kompyuta anaikana poyera. Ine zimenezi zimandikhudza kwambiri, chifukwa ndinakula ndikumva kuti wophunzira sabwerera kukagwira khasu.

M'tauni yaing'ono ya New Castle muli Berry Center, yomwe mwana wawo wamkazi anakhazikitsa mu 2011. Ndinakhalitsa m'sitolo yawo ya mabuku. Apa m'pomwe nkhani ya bambo a Wendell Berry inandilowa mumtima. Anali loya, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ndi bungwe la alimi a burley pofuna kuti alimi azilima mlingo wogwirizana, mtengo usamagwe. Dongosololi linathetsedwa mu 2004, alimi ang'onoang'ono ambiri n'kuusiya fodya. Ndinakumbukira abambo anga akubwera kuchokera ku okushoni, mabelo abwezedwa, atakhala pakhonde osayankhula ndi munthu. Buku la a Wendell Berry la mu 1977, The Unsettling of America, likunena za bala lomweli: mlimi wamng'ono akafinyidwa, mudzi nawo umatha.

Ku Port Royal tinangodutsa pang'onopang'ono. Ndi kamudzi ka nyumba zowerengeka, tchalitchi, ndi msewu wotsetserekera kumtsinje. Pakhomo pa a Berry sitinapafune n'komwe. Munthu wamkulu chotere sitimugogodera chisawawa. Tinaima pamtunda, n'kumayang'ana madzi akuyenda mwakachetechete pansi pa mitengo.

Usiku ndinawaimbira foni abambo kuwafotokozera za fodya wopachika ndi mtengo womwe. Anadabwa, kenako anafunsa ngati masamba am'munsi sawola. Tinacheza za fodya yekhayekha mpaka mayunitsi anatha.