Chikopa pa mpini: mmene tinayambira kuno ku Joni

Mpini woyamba kuulukira chikopa unali wa chikwanje changa chomwe, ndipo za bizinesi m'mutu munalibe. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'gadeni ku Randburg, ntchito imene ambiri a ife timayambira tikangotsika basi pa Park Station. Inali June. Amene simunakhaleko kuno, dziwani kuti kuzizira kwa ku Joni n'kouma: mvula kulibe, m'mawa kapinga amayera ndi chisanu, khungu la m'manja limang'ambika lokha. Ukagwira mpini wapulasitiki tsiku lonse, pofika madzulo zikhatho zimakhala matuza okhaokha. Anzanga ankakulunga mipini yawo ndi malegeni a chubu cha galimoto. Malegeni amathandiza masabata angapo, kenako dzuwa limawaphika, amayamba kumata ndi kuduka, ndipo thukuta likangofika amaterera.

Ine ndinakumbuka chibonga cha agogo. Kwathu ndi kufupi ndi Lizulu, ku Ntcheu. Agogo aamuna anali m'gulu la anthu amene anabwera ku migodi ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo anabwerera kumudzi pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974, ija inapha a Malawi oposa 70 n'kuchititsa Kamuzu kuletsa anthu kupita ku migodi. Anabwera ndi bulangete, sutikesi yachitsulo, ndi chibonga chimene pogwirira pake panali polukidwa ndi tizingwe tachikopa. Ankavina nacho ngoma. Chikopa chija chitatha, analukanso okha ndi chotsalira cha chishango, ine nditawagwirira kunsonga. Mawu awo ndimawamvabe: "Koka kaye chingwe, iwe, ndiye uluke. Ukaluka usanakoke, mawa chidzavuka ngati sokosi."

Tsiku lina Lamlungu ndinatenga lamba wakale wa thalauza, n'kumuchekacheka ndi lezala kukhala zingwe zinayi. Cholukacho sichinali chokongola ayi, koma Lolemba chikwanje chinakhala m'dzanja bwinobwino. Mnzanga wina wa ku Mangochi anachigwira, anachizunguza, basi: "Achimwene, changanso mundipangire." Anandilipira ndi ma yunitsi a foni. Sabata yotsatira kunabwera fosholo, kenako nkhwangwa, kenako sizasi yodulira maluwa ya adona a panyumbapo, amene pambuyo pake anandipatsanso ndodo yoyendera ya amuna awo.

Ndalama zitayamba kuoneka ndinathamanga, ndipo apa ndi pamene ndinagwa. Ndinapeza malo ena okutira mipando ya sofa amene ankagulitsa zotsalira za chikopa motchipa, zofewa, zamitundumitundu. Wamalonda wina wa pamsika anandipatsa ndodo makumi awiri kuti ndiluke. Zinatuluka zonyezimira, ine mtima uli m'mwamba. Mwezi usanathe anandibwezera zonse m'thumba limodzi. Chikopa chinali chitatamuka, chikuzungulira pa ndodo ngati chibangili. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa munthuyo anandikhulupirira, ndipo makasitomala ake anamunyoza chifukwa cha ine.

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina wachizulu wosoka nsapato ku Kwa Mai Mai, msika wakale uja wa m'tauni wa asing'anga ndi amisiri. Anadula kachidutswa ka chikopa changa n'kundionetsa pakati pake: potuwa mobiriwira. Chimenecho ndi chikopa chofufutidwa ndi mankhwala a chrome. N'chabwino pa sofa ndi pa jekete chifukwa chimakhala chofewa mpaka kale, koma chikatamuka sichibwerera. Cha ntchito yathu ndi chofufutidwa ndi makungwa a mtengo, ndipo kuno amagwiritsa ntchito kwambiri makungwa a wattle, mtengo umene amaulima ku KwaZulu-Natal. Ukachidula, mkati mwake ndi mofiirira. Ukachidonthezera madzi chimamwa n'kuda, ndipo chikauma chimasunga mmene wachiumbira. Ndodo zonse zija ndinazimasula n'kuziluka kachiwiri popanda kulipiritsa. Ya lendi mwezi umenewo inachokera ku chipereganyu cha mayi a kunyumba, ndipo sanandinene kanthu. Anangoti, "Bambo, kuyambira lero chikopa tizikagula awiri."

Ntchitoyi anthu amaona kulukako, koma nthawi yambiri imathera pokonza zingwe. Timasankha chikopa cha kumsana, chifukwa cha kumimba n'chopepera ndipo chimatamuka msanga. Timadula chozungulira ngati mbale, kenako timacheka m'mphepete mwake mozungulirazungulira, ngati kusenda lalanje osadula khoko, mpaka chikopa chaching'ono chitulutse chingwe cha mamita angapo. Chingwecho timachinyowetsa, n'kuchikoka pakati pa zitsulo za geti kuti kutamuka kwake konse kuthere pomwepo. Tikatero timapala m'mbali mwake ndi mpeni wakuthwa kuti zingwe zikapingasana zigone, zisadzuke n'kumakanda dzanja. Pomaliza timapaka mafuta a nkhosa osakaniza ndi phula la njuchi.

Pa mpini wowonda zingwe zinayi zimakwana. Pa ndodo yoyendera timakonda zisanu ndi zitatu: chingwe cha kunja chimazungulira kuseri, n'kulowa pansi pa ziwiri, n'kudutsa pamwamba pa ziwiri, kenako cha mbali inayo chimodzimodzi. Amene analukapo dengu kapena mkeka sachedwa kuzigwira, chifukwa dzanja limakumbuka. Tikamaliza timaugudubuza mpiniwo pansi ndi thabwa kuti zingwe zikhazikike, ndipo nsonga zonse ziwiri timazitseka ndi mfundo yozungulira imene azungu amati Turk's head. Ife pano timangoti nkhata. Nkhata imeneyi inanditengera miyezi itatu kuti ndiidziwe, ndipo mpaka lero mmisiri ndimamuyesera pomwepo.

Pali zina zimene timakana ngakhale ndalama ili patebulo. Mpini wa nkhwangwa sitiuluka wonse, chifukwa dzanja lakutsogolo liyenera kutsetsereka pogwetsa nkhwangwayo. Timaluka kumunsi kogwira, ndiponso pakhosi, pamene mpini umagunda chikuni munthu akaphonya. Pakhosipo timaika chikopa chosafufuta, chonyowa, chimene chikamauma chimadzikoka chokha ngati cha pang'oma, kungoti chimadana ndi mvula ndipo agalu ndi makoswe amachikonda. Mpini wong'aluka sitiukutira. Kubisa mng'alu pansi pa chikopa chokongola ndi kutchera munthu msampha, ndiye timamuuza akagule kaye mpini wina.

Nkhani ya zibonga ndi zikoti imandivuta mpaka pano. Ndinaliko kuno pa ziwawa zothamangitsa anthu a mayiko ena mu 2015, ndinalikonso mu September 2019 pamene mashopu ankaphwanyidwa ndi kutenthedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern, ndipo ndinaona zimene anthu ankanyamula m'manja. Chibonga chovinira ndi chomenyera munthu n'chimodzi, mtengo womwewo. N'chifukwa chake munthu wachilendo akabwera nacho ndimacheza naye kaye, ndimve komwe chikupita. Ena amaipidwa n'kuchoka, ine sindiwathamangira. Zikoti zokha tinasiyiratu.

Pa 27 March 2020 dziko litatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ntchito ya m'gadeni inaima, misika inatsekedwa. Tinakhala m'nyumba ndi chikopa chimodzi ndi nthawi yambiri. Mayi a kunyumba anayamba kujambula zimene ndinkaluka n'kumaika pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo misewu itatsegulidwa tinapeza anthu akutidikirira. Sindinabwererenso kwa bwana. Lero tilipo atatu mu galaja ina ku Rosettenville: ine, mayi, amene amadula zingwe mowongoka kuposa ine ndipo ndi amene amasunga buku la ndalama, ndi mlamu wanga amene akuphunzira. Magetsi akazima oyandikana nafe owotcherera zitsulo amakhala pansi, ife timangosendera kukhomo kumene kuli kuwala.

Ndodo zoyendera za anthu a ku Sandton ndi alendo ndi zimene zimalipira lendi, izi sindibisa. Koma Loweruka masana ndi la anzathu a m'magadeni ndi omanga nyumba, ndipo mtengo wawo ndi wina. Amabwera ndi zikwanje ndi mahamala m'zikwama, timaluka tikucheza za mpira ndi za mtengo wa chimanga kumudzi. Chakumapeto kwa nyengo yozizira ya kuno timatanganidwanso ndi zibonga za a kwathu okonzekera Umhlangano, mwambo wa pachaka wa Angoni, ku Ntcheu. Zimakwera basi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, zitakulungidwa m'mabulangete. Chimodzi ndinachionapo pa chithunzi chili m'manja mwa mnyamata wovina ngoma, ndipo ndinachizindikira ndi nkhata yake.

Sabata yatha kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Mzimba, tchona weniweni, amene anabwera ndi Teba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, ndipo kwawo sanapondeko kwa zaka zambiri. Anati akupita kumudzi, sadzabweranso. Anatulutsa ndodo yakuda imene ayenda nayo zaka zonsezi, pogwirira pake patasalala ndi dzanja. Zala zawo zinapindika, sizifumbata bwino, ndiye ndinawapempha aigwire kuti ndione pamene chikhatho chimathera, n'kulemba ndi choko. Pansi ndidzayala chikopa chofewa kuti panenepe, pamwamba zingwe zisanu ndi zitatu.

"Muluke molimba, mwanangu," anatero akudzuka. "Kwathu kuli zitunda."

Basi yawo inyamuka Loweruka m'mawa, ndiye ndodoyo adzaitenga Lachisanu. Zingwe zake zili pa geti, zikuuma.