Mabotolo 56, matambula 40

Lolemba m'mawa kunabwera mayi wina ndi makatoni a mabotolo a vinyo, akufuna kuti ndiwadule akhale matambula 40 pofika Loweruka. Anabweretsa mabotolo 45, akuti asanuwo ndi apadera mwina ena asweka. Ndinawauza kuti akasakenso ena. Anandiyang'ana ngati akukayika luso langa, koma madzulo anatumiza ena 11. Tsiku lonselo linathera m'beseni, kuviika mabotolo m'madzi ofunda ndi kumatula mapepala. Guluu wina samva madzi, amachoka ndi mafuta basi.

Lachiwiri ndiye tinayamba kudula, ngakhale kunena zoona botolo sitilidula. Kagudumu kakang'ono ka tungsten carbide kamangokanda mzere kuzungulira botolo. Kenako timathira madzi otentha pamzerepo, n'kuthiranso ozizira, mosinthanasinthana. Galasi likatentha limafutukuka. Likazizira mwadzidzidzi kunja kumabwerera msanga pamene mkati mukadali motentha, ndipo kukokanako kumang'amba pamene pali pofooka, pamzere paja. Umangomva kuti "thi", khosi la botolo lili m'manja.

Mzerewo umalembedwa kamodzi kokha. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ndinamuuza zimenezi kangapo, koma nditatuluka pang'ono ndinamupeza akuzungulitsa botolo kachitatu. "Abwana, sumaoneka bwino ndiye ndimati ndiuzamitse." Kubwereza kumaphwanya m'mbali mwa mzere, n'kusiya timing'alu tambirimbiri, ndiye mng'alu waukulu umasowa njira yotsata. Mabotolo anayi amene anawabwerezawo onse anasweka mokhota, lina mpaka kutsikira pansi. Sindinamukalipire kwambiri, inenso ndinayamba choncho. Ndinangomuuza kuti azimvetsera kaphokoso ka kagudumu: kakamalira mofanana ngati zipi ikutsekedwa, dzanja lili bwino, kakayamba kukukuta ngati mchenga, wakanikiza mopitirira.

Lachitatu linali la mabotolo ovuta. Pagulupo panali asanu ndi limodzi a shampeni, ndipo amenewa ndi ochindikala chifukwa amasunga mpweya wopanikizika kuposa kawiri wa m'tayala la galimoto. Awiri ndinayesa ndi madzi, onse anandikana, otsalawo ndinawadula ndi sowo ya dayamondi yoyendera madzi. Ena anavuta pamsoko. Botolo limaumbidwa m'chikombole cha mbali ziwiri, ndipo pamene mbalizo zimakumana pamatsala kamzere kotukuka. Kagudumu kakadumpha pamenepo, mng'alu umapatuka pomwepo.

Za kumanga ulusi woviika mu sipiriti n'kuyatsa moto, zimene zadzaza pa YouTube, ine sindichita. Botolo limadukadi, koma mlomo wake umatuluka ngati mano a ng'ona, ndipo mavidiyowo amathera pomwe ntchito yeniyeni imayambira.

Ntchito yeniyeniyo inadya Lachinayi ndi Lachisanu onse. Kudula botolo ndi mphindi ziwiri, kusalaza mlomo wake ndi mphindi 15 kapena kuposa. Timayala sandipepa wa silicon carbide pagalasi lathyathyathya, kumunyowetsa, n'kumapukusa tambula chozondoka. Timayamba ndi wokhakhala wa nambala 80, kenako 120, 220, 400, kumalizira wosalala wa 600. Ukadumpha nambala imodzi, zokanda za sandipepa woyamba zimaonekabe mpaka kumapeto, ubwereranso. Madzi sayenera kuuma, chifukwa fumbi la galasi si lopumira. Chimene ambiri amaiwala ndi m'mphepete mwa mkati: pamwamba pakhoza kusalala bwinobwino, mkatimo muli lumo. Ndimapinda kasandipepa n'kuzungulitsa ndi chala, kenako ndimayesa ndi kansalu kopyapyala. Kakakodwa, tambulayo sinathe. Pofika Lachisanu madzulo zala zanga zinali zitachita makwinya, phewa likuwawa.

Loweruka mayi aja anawerenga matambula awo, anakwana 40. Mabotolo 11 anali m'ndowa ya zosweka, asanu osakhudzidwa. Akulongedza anafunsa ngati angamathiremo zakumwa zotentha kapena kuyatsiramo makandulo.

"Ayi mayi, musayerekeze," ndinatero. "Ili ndi galasi wamba la mabotolo, si la borosilicate lopirira moto. Madzi otentha amene ndadulira botolo ndi omwewo angakuphulitsireni tambula m'manja."

Anakhala chete pang'ono, kenako analoza mulu wa makosi a mabotolo pakona n'kufunsa ngati angakhale zovindikira mababu. Ndinawauza kuti n'zotheka, bola mababu ake akhale a LED. Abweranso Lachiwiri.