Zikomo mayi a ku Kew

Tikuthokoza mayi amene tinakumana nawo ku National Archives (nyumba yosungira zolemba zakale za boma la Britain) ku Kew, mumzinda wa London, tikufufuza za agogo a akazi anga, omwe anali mu RAF Bomber Command (nthambi ya ndege zoponya mabomba ya asilikali a mumlengalenga a Britain) mu 1943. Tinkafufuza ndi dzina lokha, koma mayina ofanana anali ambirimbiri. Mayiwo anatilangiza kuti tiyambe ndi nambala ya usilikali, kenako tidziwe squadron (gulu la ndege) ya agogowo. Anakhala nafe pansi, natitsegulira mabuku a AIR 27, omwe amasunga zochitika za squadron iliyonse. M'mabukuwa, Form 540 imangofotokoza mwachidule zochitika za mwezi uliwonse, pomwe Form 541 imalemba nambala ya ndege, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ndiponso mayina a anthu onse 7 a mu ndege ya mtundu wa Lancaster. Anatichenjezanso kuti makalaliki ankalakwitsa kalembedwe ka mayina, choncho tizitsatira dzina la woyendetsa ndegeyo.

Chifukwa cha mayiwa, tinawapeza anzawo onse 6 a agogowo, ndipo tsopano tikulemberana makalata ndi ana a mmodzi wa iwo.