Tsiku limene masamu anga anafika kusukulu ya ana anzeru

Mwana wanga wamkazi atabwera ndi fomu yofunsira malo kusukulu ya boma yogonera komweko, ija imangotenga ana amene mitu yawo imathamanga kuposa ya anzawo, ine ndinadziwiratu kumene nzeruzo anatengera. Mayi ake anati anatengera kwawo. Ndinangowayang'ana.

Fomuyo inali yonenepa ndithu. Ankafuna malikisi a zaka zam'mbuyo, makalata ochitira umboni ochokera kwa aphunzitsi a masamu ndi a sayansi, chimangirizo chofotokoza chifukwa chimene mwana akufunira kusiya makolo ake n'kumakagona kusukulu, ndiponso pepala la mafunso a masamu loti alembere kunyumba. Pamwamba pa pepalalo anadindapo nambala ya mwanayo, ndipo analemba kuti asathandizidwe ndi wina aliyense, komanso asafufute pamene waphonya, chifukwa iwo amafuna kuona njira imene wadutsa, osati yankho lokha.

Ine monga kholo lodziwa udindo wake ndinayamba kuwerenga za masukulu oterewa. Ndinapeza kuti Andrey Kolmogorov, katswiri wa masamu wa ku Russia, anali m'gulu la amene anayambitsa sukulu yotere ku Moscow mu 1963, n'cholinga choti ana a kumadera akutali amene ali ndi mutu wa masamu asafotere kwawo chifukwa chosowa mphunzitsi. Ina inatsegulidwa ku Durham, ku North Carolina m'dziko la America, mu 1980, ndipo kumeneko ana amapitako zaka ziwiri zomaliza za sekondale. Zimenezi ndinkauza aliyense wobwera pakhomo, mpaka alendo anayamba kupereka moni ali pamsewu.

Ndiye mwanayu anali atajambulitsa pepala la masamu lija kuti akhale ndi lapadera. Usiku wina onse atagona ndinaliona lili patebulo. Ndinangofuna kuliyang'ana chabe. Koma pafupi panali pensulo.

Funso loyamba linati ndiphatikize manambala onse kuyambira 1 mpaka 100. Ndinawandandalika limodzilimodzi, masamba awiri tho, ndipo ndinapeza 5050. Lachiwiri linati galimoto yapita pa liwiro la makilomita 30 pa ola n'kubwerera njira yomweyo pa 60, avereji ya ulendo wonse ndi chiyani. Ndinaseka. Zoterezi n'zofunsa ana anzeru? Ndinalemba 45, n'kudula mizere iwiri pansi pake. Lachitatu, anthu 10 akumana ndipo aliyense wagwirana chanza ndi aliyense, agwirana kangati. Ndinalemba 100. Lachinayi linati mudilowa muli masokosi 10 akuda ndi 10 oyera, chipinda chili mumdima, utulutse angati kuti utsimikize kuti uli ndi awiri ofanana. Apa ndinaona kuti olembawo akutisewera, ndiye ndinayankha kuti, “Yatsani nyali.” Lomaliza linafunsa kuti m'chipinda mukhale anthu angati kuti mwayi woti awiri anabadwa tsiku lofanana upose theka. Ndinagawa 365 pawiri, ndinalemba 183, ndipo m'mphepete ndinaonjezera kuti wolemba mafunsowa akufunika tchuthi.

Nditamva mayi ake akutembenuka kuchipinda, ndinalowetsa pepalalo mu envulopu yakhaki n'kulisiya pomwepo kuti ndidzalibise m'mawa. Amene amapanga maenvulopu ayenera kudzayankha mlandu tsiku lina, chifukwa palibe chifukwa chomveka choti onse azifanana chonchi. Kutacha ndinatenga imodzi n'kuiponya kuseri kwa kabati. Inayo mayi ake anaiphatikiza ndi fomu n'kukaitumiza.

Kalata yotiitana itafika, ndinaiwerengera anthu oyandikana nafe mokweza.

Tsiku lofunsidwa mafunso ndinavala jekete. Ana anawalowetsa mmodzimmodzi, ife makolo anatikhazika pabenchi m'khonde. Ndinali pakati pofotokozera bambo wina za Kolmogorov, iye akuyang'ana uku ndi uku kufuna pothawira, pamene chitseko chinatseguka ndipo mayi wina wovala magalasi anasuzumira.

“Bambo ake a mwana amene ali m'katimu ndi ati?”

Ndinanong'oneza mnzanga uja kuti nthawi zina amafuna kuona gwero. Ndinakonza kolala n'kulowa.

M'katimo munali aphunzitsi atatu. Mwana wanga anali ataima pabolodi, manja ali mbuu ndi choko, maso ali pansi. Patebulo panali pepala, ndipo ndili pakhomo pomwepo ndinaona mizere iwiri ija pansi pa 45. Miyendo inazizira.

“Takhalani, bambo,” anatero mayi a magalasi aja. “Tinadabwa kwambiri. Malikisi a mwanayu ndi apamwamba, aphunzitsi ake amuyamikira, koma pepala ili likunena zina. Tinamuitana kuti tione kuti woona ndi uti. Tamupatsa pepalali kuti atifotokozere, ndipo iye anayesa kuti ndi mayeso opeza zolakwa. Taonani pabolodipo.”

Mwanayo anali atang'amba ntchito yanga yonse mwaulemu. Pa galimoto ija anati tiyerekeze kuti mtunda ndi makilomita 60: popita maola awiri, pobwera ola limodzi, ndiye makilomita 120 m'maola atatu, avereji 40. Galimotoyo imathera nthawi yambiri ikuyenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake yankho limatsikira kumunsi. Pa moni uja, aliyense amagwira anthu 9, zimene zikupereka 90, koma chanza chilichonse chawerengedwa kawiri, ndiye 45. Masokosi ndi atatu basi, chifukwa mitundu ndi iwiri, ndipo lachitatu lilibe kothawira. Za masiku obadwa, anthu 23 akwanira, chifukwa mwa anthu 23 mungatuluke magulu a awiriawiri okwana 253, ndipo gulu lililonse ndi mpata woti masiku afanane. Ameneyu mpaka lero ndimamukayikira, koma aphunzitsi onse atatu anagwedeza mitu.

Mphunzitsi wachimuna wa ndevu anakweza pepalalo. “Pa moni paja mwalemba 100. Kodi inu mukafika pagulu mumadzigwiranso chanza nokha?”

Ndinati zimatengera gulu lake.

“Wazindikira liti kuti si mayeso?” ndinafunsa mwanayo chapansipansi.

“Pa nyali paja, abambo. Ndi mmene mumayankhira kunyumba.” Kenako anatembenukira kwa aphunzitsiwo. “Pepani, ndi anthu abwino, kungoti amafulumira.”

Anthu abwino! Mwana amene ndinamuphunzitsa kuwerenga zala.

Ndinaloza funso loyamba, poti pamenepo mpokhapo pamene panali chizindikiro chokhoza. Wachitatu uja, amene anali asanalankhulepo, anati funso limenelo lili ndi mbiri. Amati katswiri wa masamu Carl Friedrich Gauss ali mwana wasukulu analiyankha m'kanthawi kochepa poona kuti 1 ndi 100 apanga 101, 2 ndi 99 apanganso 101, ndipo magulu otere alipo 50. Anati iye wadutsa masamba anga awiri onse, ndipo wapeza kuti patsamba loyamba ndinataya 10, patsamba lachiwiri ndinaonjezera 10 wosadziwika kochokera, ndiye ndinafika pa 5050 mwangozi. Anati pazaka zonse zimene waphunzitsa sanaonepo zotere, ndipo ankaoneka kuti wasangalala nazo zenizeni.

Apa ndinaona kuti yakwana nthawi yotulutsa zimene ndinawerenga. Ndinaimirira. Ndinawauza kuti mayeso si chilichonse. Lewis Terman wa ku yunivesite ya Stanford ku America, kuyambira mu 1921, anasankha ana oposa 1,000 amene anakhoza kwambiri mayeso a nzeru kuti aziwatsatira moyo wawo wonse. William Shockley ndi Luis Alvarez anayesedwa ali ana koma sanatengedwe. Shockley analandira mphoto ya Nobel mu 1956, Alvarez mu 1968, pamene mwa osankhidwa aja palibe anailandira. Ndinakhala pansi pang'onopang'ono kuti mawuwo alowerere.

“N'zoona ndithu,” anatero mayi aja. “Koma iwowo anali ana, nthawi inalipo. Inu bambo muli ndi zaka zingati?”

Wandevu uja anatsokomola mpaka anatuluka panja.

Anatipatsa masiku ochepa kuti titumize pepala lenileni. Pobwerera mwanayo anakhala chete njira yonse. Titafika, mayi ake anamva nkhaniyo ataimirira, kenako anakhala pansi, kenako anagona pampando misozi ili chuchuchu ndi phwete. Kabati ndinakankha ndekha, palibe anandithandiza. Envulopu inali pomwepo pamodzi ndi akangaude, ndipo m'kati mwake munali masamba aukhondo, mayankho onse okhoza.

Malo anamupatsa. Mu envulopu ya kalata yomupatsa maloyo munalinso kakalata kolembera ine, kopempha chilolezo choti pepala lija azigwiritsa ntchito pophunzitsa, atafufuta nambala. Ndinkati ndikane, koma mayi ake anali atasaina kale m'malo mwanga, ati pothandiza maphunziro.

Moti mlungu woyamba ana onse atsopano anapatsidwa ntchito yanga kuti apeze pamene pasokonekera. Atabwera kutchuthi mwanayo anandiuza kuti wa 10 wotayika uja anawavutitsa kwambiri, ndipo anamupeza ndi awiri okha. Anatinso pa masokosi paja kalasi inagawanika. Kagulu kena kakuumirira kuti funsolo silinanene kuti nyali yawonongeka, choncho woyankhayo akuyenera theka la malikisi, ndipo nkhaniyi anakafika nayo kwa mkulu wa masamu.

Ndamuuza kuti akabwerera akandilembere mayina a ana amenewo, ndikufuna kudziwana ndi makolo awo.