Chijeremani cha m'kalasi ndi cha ku Brienz

Patha miyezi isanu ndi itatu chiyambireni kuphunzira Chijeremani, koma dzulo m'pamene ndinamva zonse zimene mayi wogulitsa buledi anandiuza popanda kuwapempha kuti abwereze. Ndinabwerera kunyumba mtima uli myaa.

Ndimakhala ku Brienz, mudzi wa kumapeto kwa nyanja ya Brienzersee m'chigawo cha Bern ku Switzerland, m'munsi mwa phiri la Rothorn lomwe sitima ya nthunzi inayamba kukwera mu 1892. Kawiri pa sabata ndimapita ku Interlaken kukaphunzira Hochdeutsch, Chijeremani cha m'mabuku, m'nyuzi ndi m'makalata a boma. Chinandisautsa poyamba n'chakuti eni mudzi akamacheza salankhula chimenecho. Popereka moni, buku limati "Guten Tag", iwo amati "Grüessech". Pothokoza amati "merci", mawu obwereka ku Chifalansa. Ndinkaloweza usiku wonse, kukacha n'kupeza kuti makutu anga sakutolapo kanthu, ndipo zinkandipweteka kwambiri.

Chimene chinanditsegula mutu ndi ulemu. M'kalasi anatiuza kuti munthu wamkulu kapena wachilendo timamutchula "Sie", mnzathu "du". Koma anthu a ku Bern polemekeza munthu mmodzi amagwiritsa ntchito mawu otchulira anthu ambiri, ndendende ngati "inu" wathu. Mu "Grüessech" momwemo muli "inu" ameneyo! Anzanga ena m'kalasi zinawazunguza, pomwe ine ndinakula nazo. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuchiopa chinenero cha m'mudzi, ndinayamba kuchitchera khutu: pasiteshoni, m'tchalitchi, ngakhale pafupi ndi sukulu yosema ziboliboli yomwe yakhalapo kuyambira 1884, pomwe ophunzira amacheza masana.

Mayeso a chinenero a ku Switzerland otchedwa fide ndikuwakonzekerabe, ndipo mmenemo Hochdeutsch ndi amene adzandithandize, choncho buku sindilisiya.

Pali agogo aamuna oyandikana nafe amene kwa miyezi yambiri tinkangopatsana moni pampanda. Kuno wamkulu ndiye amayamba kukuuza kuti mukhoza kumatchulana "du". Sabata yatha anandigwira chanza, n'kunditchulira dzina lawo loyamba, kusonyeza kuti andilandira. Ndinadziwa kulemera kwake ndipo misozi inalengeza. Komabe kunena "iwe" kwa munthu wa imvi lilime langa likukanabe. Ndinawafotokozera m'Chijeremani changa chodukaduka kuti kwathu ku Nkhata Bay ndi ku Lilongwe komwe ndinakulira sitichita zimenezo, iwo n'kuti nditenge nthawi, adikira.