Masiku anayi ndikulimbana ndi 1024x768, kumapezeka kuti wolakwa ndi kebulo

Eee anzanga, zatheka. Monita ya kompyuta yanga tsopano ikuonetsa resolution (kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi pa sikirini) yake yeniyeni ya 1920x1080 ndipo zilembo zikuoneka bwinobwino, osati zija zotupa ngati mandasi. Koma zomwe ndadutsamo sabata ino, ayi ndithu.

Chaka chatha ndinagula kompyuta ya kaunjika, Dell OptiPlex 7010, ya purosesa ya i5 ya m'badwo wachitatu. Windows 10 anasiya kuipatsa ma update pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imakana purosesa yakale chonchi, ndiye ndinangoti basi ndiikemo Linux Mint m'malo mwa Windows. Kuika kwake sikunavute, mphindi 20 zatha. Kuyatsa chonchi, chilichonse chachikulu komanso chotambasuka m'mbali, zithunzi za ana anga akuoneka onenepa ngati adya nkhokwe yonse. Ndikapita ku Display, resolution yapamwamba kwambiri imene ikundipatsa ndi 1024x768, dzina la monita palibe, yangolemba Unknown. Paja 1024x768 ndi 4:3, monita yanga ndi 16:9, ndiye imangokoka chithunzicho ngati legeni.

Tsiku loyamba ndinataya ndikusaka ma driver (timapulogalamu toyendetsa zida za kompyuta), pamene Intel HD, chida cha zithunzi cha mkatimo, driver wake amabwera kale mu Linux. Bandulo ya sabata yonse inathera pamenepo. Tsiku lachiwiri ndi pamene ndinalowa mu terminal, muja timalemba malamulo a kompyuta. Lamulo la cvt 1920 1080 60 linandipatsa Modeline (mzere wa manambala ofotokoza resolution) ya 173.00, ndinaikopera mu xrandr, pulogalamu yosinthira resolution, ndi --newmode, kenako --addmode VGA-1, kusankha, sikirini kuphethira kamodzi, full HD iyo! Ndinavina ndekha pabalaza. Magetsi kuzima, kubwera 9 koloko usiku, kuyatsa kompyuta, tabwerera pa 1024x768 ngati sindinachitepo kanthu. Zoti xrandr imaiwala zonse ukazimitsa ndinkazidziwa, koma zimawawabe. Ndinalemba mizere itatu ija ya xrandr mu fayilo ya .xprofile kuti izidzikonza yokha ndikalowa, zinagwira, koma sikirini yolowera pasiwedi inali ikadali yotupa, ndipo zilembo zinali ndi kamthunzi kumanja ngati ukuona ndi maso a tulo. Ndinayesa cvt -r ija imatsitsa 173.00 uja mpaka 138.50, kudina Auto pa monita kangapo, zinachepako pang'ono koma osatha.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'choti bwanji kompyuta sikuidziwa monita dzina. Monita iliyonse imakhala ndi EDID, ili ngati chiphaso chake, imauza kompyuta kuti ine ndine wakuti, ndimatha ma resolution awa ndi awa. Pa kebulo ya VGA, imene ndimalumikizira monitayi, uthenga umenewu umadutsa pa pini 12 ndi pini 15. Ndiye tsiku lachinayi ndinatenga multimeter (kachida koyezera magetsi), kuika pa kulira kuja kosonyeza kuti waya walumikizana, n'kuyamba kuyeza kebulo pini ndi pini. 1, 2, 3 za mitundu zikulira bwino, 13 ndi 14 zikulira, kufika pa 12 zii, pa 15 zii. Tizitsulo tilipo kumutu konse kuwiri koma mkatimo waya mulibe! Kebulo yoonda ngati chingwe cha tchaja, ndinaigula kwa mnyamata wina woyala pansi m'tauni chifukwa yotchipa, ndipo masiku onsewa ndimatukwana Linux yosalakwa.

Ndinathamangira ku Limbe kwa mdala wanga uja amakonza ma TV kuseri kwa msika, amene anandipezera ma capacitor a power supply ija inkazima yokha chaka chatha. Madala amenewa sataya kanthu, ali ndi katoni yodzaza makebulo akale ochokera m'maofesi. Ndinawafotokozera, anangoseka n'kuti “mwana wanga, kebulo umaiyesa ndi dzanja, ikapepuka isiye.” Anandisankhira yonenepa, ya mitu yabuluu, yokhala ndi timigolo tiwiri takuda tija kumapeto. Anakananso ndalama, ndinangowagulira Fanta.

Kufika kunyumba, kulumikiza, kuyatsa, osagwira chilichonse, 1920x1080 pa 60Hz yabwera yokha, dzina la monita lalembedwa, kamthunzi kaja kapita. Ndinafufuta zonse za mu .xprofile. 

Chopweteka n'choti kumbuyo kwa OptiPlex kuli ma DisplayPort (DP) awiri, mabowo ena olumikizira monita, amene akhala akundiyang'ana nthawi yonseyi, ndikanagula kebulo ya DP poyamba pomwe bwenzi nkhani yonseyi kulibe. Ndiye mwezi ukatha ndikufuna ndipeze imeneyo, komanso monita yachiwiri yoti ndiziiimika choongoka powerenga ma PDF. Kwa madala aja ndinaonanso CRT, monita yakale ya chimbuyo chachikulu ija, ya mainchesi 17 ili pakona yadzaza fumbi, mutu wayamba kale kuganiza zoiika pa VGA yatsalayo kuti ndizisewererapo magemu akale pa 640x480. Masikirini atatu pa tebulo limene mayi a kunyumba amasitirapo zovala, sindinawauzebe.